Nyemba za Nangozo

Padangotero. Tili tonse.

M'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kumene dzuwa la mu Okutobala limaswa mtengo, munali bambo wina wa mfunda wa Phiri. Bamboyu anali ndi lole yake ya matani 3. Ankapikula mpunga kwa alimi a m'sikimu ya Bwanje, n'kukwera nawo msewu wa Khwekhwerere kukagulitsa ku Dedza ndi ku Lilongwe. Malonda atayamba kuwayanja a Phiriwo, thupi nalo linawayanja. Mimba inatsogola, khosi linakula mpaka batani la pakolala linaleka kumangika. Akafika pa Golomoti sankadutsa pachiwaya osaima: tchipisi, kanyenya wa mbuzi, ndipo madzulo ankatsirira ndi mabotolo angapo. Anthu akawaona ankati, "A Phiri zawo zinayera."

Koma dzina limene linawamera m'mudzimo linali lina. Ankatchedwa a Chigayo, chifukwa cha mkonono. Akangoika mutu pa pilo, amayi olawirira kunyanja kukagula usipa ankawamva ali kumsewu. Ana anapeka kanyimbo koimba mwezi ukawala:

Chigayo chalira, chalira usiku,
Mphale sitiiona, ufa uli kuti?

A Phiri akamva ankangoseka chikhakhali. "Asiyeni aimbe," ankatero. "Mkonono ndi wa munthu wokhuta, wogona wopanda ngongole."

Munthu mmodzi yekha sankaseka nawo: mkazi wawo, Nangozo. Phokosolo anali atalizolowera kalekale. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali bata lobwera pakati pa phokosolo. Mkonono unkakwera, n'kukwera, kenako zii! Chifuwa cha mwamuna wake chinkakoka mwamphamvu, mimba n'kumagwedezeka, koma akaika dzanja pamphuno pawo, mpweya panalibe. Ankadikira mtima uli m'mwamba. Patapita kanthawi ankamva khoo! A Phiri n'kudzidzimuka, n'kumeza mpweya mwaphuma, n'kuyambiranso kuliza mkonono osatsegula n'komwe maso. Zinkatero mpaka tambala woyamba.

Tsiku lina akuwapatsa madzi osamba anati, "Bambo a Mphatso, usiku mumaleka kupuma. Tiyeni ku Mua akakuoneni."

"Iwe Nangozo," anayankha a Phiri, "munthu woleka kupuma amadzuka n'kumwa tiyi? Ine ndimagona kuposa aliyense m'mudzi muno."

Chonsecho m'mawa uliwonse ankadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa. Usiku ankatuluka kangapo kukataya madzi. Masana ankasinza paliponse pamene akhala: kutchalitchi ulaliki usanafike pakati, pamaliro, ngakhale pabawo nkhomo zili m'manja. Anayamba kuiwala kuti mlimi uti amupatsa kale ndalama. Munthu amene kale anali wanthabwala anasanduka wa mtima wapachala, moti adzukulu ankathawira kuseri kwa nkhokwe akamva lole ikubwera.

Usiku wina a Phiri anadzuka okha, thukuta lili kamukamu, atagwira pakhosi. Anamva bwinobwino kuti chinachake chinawakhala pachifuwa n'kuwakanyanga pammero. Mawa lake zinachitikanso. Apa sanafunsenso mkazi wawo. Analawirira kwa sing'anga wina kutsidya kwa njanji, atanyamula tambala ndi ndalama. Sing'angayo anawatema mphini pachifuwa, anawapatsa chithumwa choika pansi pa pilo, n'kunena kuti, "Alipo wa magazi anu, wamkulu, amene lole yanu ikumuwawa. Ndiye akukukwerani usiku."

Wamkulu wotsala pamtundu pawo anali mmodzi: azakhali awo, a Naphiri, mayi wamasiye amene anawalera bambo awo atamwalira. A Phiri anakawapeza pakhonde akusenda chinangwa, n'kuwalalatira anthu akumva. Nkhalambayo inayang'ana mwana wa mlongo wake nthawi yaitali, kenako inati, "Mwanawe, manja awa ndi amene anakusambitsa. Lero akhala okukanyanga?"

Kuyambira tsiku limenelo, pamjigo amayi ankasuntha zidebe zawo a Naphiri akafika. Ana analeka kukawatungira madzi. Nyakwawa inaitanitsa a Phiri n'kuwachenjeza kuti m'dziko muno muli lamulo la mu 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero akhoza kumangidwa. A Phiri anangoti zii, koma mtima sunabwerere. A Naphiri anamanga katundu wawo m'chitenje, n'kupita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Golomoti.

Nkhalamba inachoka, chithumwa chinali pansi pa pilo, koma chowakanyanga chija sichinaphonye ngakhale usiku umodzi.

Nyengo yokolola itafika, a Phiri anapakira matumba a mpunga n'kuyamba kukwera Khwekhwerere dzuwa lili paliwombo. Pamakhota oyamba anali maso. Atafika pamene msewu umawongoka pang'ono, injini ikulira mofanana, zikope zinalemera. Sanadziwe kuti agona. Anadzidzimuka ndi kukuwa kwa mnyamata wawo wopakira katundu, lole itasiya kale msewu. Mwamwayi inapatukira kumbali ya phiri, n'kukagona m'ngalande. Ikanapatukira mbali inayo, kukanakhala maliro awiri. Mnyamatayo anathyoka mkono, mpunga unamwazika m'miyala, ndipo a Phiri anatuluka ndi bala pachipumi akunena kuti, "Aja anditsatira mpaka kuno."

Nangozo anaona kuti akapanda kuchitapo kanthu avala zakuda. Anayeza mpunga m'kathumba, n'kukwera minibasi kupita ku Golomoti. Atagwada pamaso pa a Naphiri analira, n'kufotokoza zonse.

A Naphiri anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mpongozi wanga, zimene ukunenazi ndinaziona kale. Bambo ake a mwamuna wakoyo anali chimodzimodzi: thupi lalikulu, mkonono wodukiza, kugona pamsonkhano. Mlamu wanga ankadandaula momwe ukudandauliramu, ife n'kumamuseka. Tsiku lina mlongo wangayo anadzuka mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, ndipo sanathe chaka. Nthawi imeneyo ananamizira gogo wina wa kutsidya. Mwana uja ndilibe naye mangawa, koma mawu ako sawamva. Munthu wogona sadziona. Mupezere chinthu choti aone ndi maso ake, achigwire ndi manja ake."

Usiku umenewo Nangozo sanagone pamphasa kapena pabedi. Anakhala pampando pafupi ndi mutu wa mwamuna wake, lichero lili pamiyendo, kambale ka nyemba kali pambali, foni ili m'manja. Nthawi itakwana 11 koloko anayamba. Mkonono ukaduka, ankawerenga chamumtima. Akafika pa 10 mpweya usanabwerere, ankatola nyemba imodzi n'kuiponya m'lichero. Nthawi zina ankafika pa 20, nthawi zina pa 40, milomo ya a Phiri itayamba kuda. Pakati pake anatsegula foni n'kujambula mawu. Itakwana 12 koloko analeka, chifukwa manja anali kunjenjemera.

M'mawa anaika lichero patebulo, pambali pa kapu ya tiyi.

"Nyembazi n'zachiyani?"

"Werengani, bambo."

A Phiri anawerenga ndi chala, imodziimodzi. Zinakwana 38.

"Nyemba iliyonse ndi nthawi imene munaleka kupuma. Limenelo ndi ola limodzi lokha. M'chipindamo munalibe wina aliyense, chitseko ndinakhoma ndekha, nyali inali chiyakire. Tsopano mverani izi."

Foni inayamba kulira mkonono. A Phiri anamwetulira pang'ono, poti anali asanadzimvepo. Kenako mkonono unaduka. Anadikira. Foni inali zii. Anasendeza khutu, n'kuyang'ana ngati yazima, koma manambala anali kuyendabe. Kapu imene ananyamula anaibweza patebulo osamwa. Pamene khoo! uja anamveka, iwo anali atatuluka thukuta.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, bambo a Mphatso. Usiku uliwonse."

Tsiku lomwelo anapita onse awiri ku chipatala cha Mua, pamishoni yakale ija imene ansembe a White Fathers anayamba mu 1902. Nangozo anamanga nyemba zija pakansalu. Adokotala atamva nkhaniyo ndi kumvetsera foni, anamasula kansaluko, n'kunena kuti, "Mayi, mwagwira kale theka la ntchito yathu." Anawayeza a Phiri BP, n'kupeza kuti yakwera kwambiri. Anawakweza pasikelo, anawayeza shuga, anawaunika kukhosi, ndipo anazunguliza tepi m'khosi mwawo. "Kwa bambo, khosi likapitirira masentimita 43 timayamba kukayikira. Lanu lapitirira."

Kenako anatenga pepala n'kujambula mutu wa munthu chammbali. "Matendawa pa Chingerezi timati sleep apnea, kubanika m'tulo. Onani apa. Mpweya wochokera m'mphuno umadutsa kuseri kwa lilime usanatsikire m'mapapo. Malo amenewa alibe fupa, amagwiridwa ndi minofu basi. Munthu akagona minofu imafooka, njira n'kuchepa, ndipo mpweya podutsa mopanikizika umagwedeza minofuyo. Umenewo ndiye mkonono. Kwa inu, mafuta a m'khosi apanikiza kale njirayo, ndiye mukagona chagada lilime limagwera kumbuyo n'kutsekeratu. Chifuwa chimakoka, koma palibe cholowa. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, ubongo umakudzutsani mwadzidzidzi kuti mutsegule kukhosi. Nthawi zambiri simudziwa kuti mwadzuka. Nthawi imene mwadzukiratu ndi imene mumamva kuti wina wakukhalani pachifuwa."

"Ndiye palibe munthu?" anafunsa a Phiri ndi mawu apansi.

"Ndi lilime lanu ndi khosi lanu, bambo. Timawerenga nthawi zimene munthu waleka kupuma, kapena kupuma kwachepa kwambiri, kwa masekondi 10 kapena kuposa. Zikachitika ka 5 mpaka 15 pa ola, matenda ndi ochepa. Ka 15 mpaka 30 ndi apakati. Kupitirira ka 30 ndi aakulu. Tulo todukaduka chotere sitipumitsa thupi, n'chifukwa chake mumasinza pachiwongolero. Kudzidzimuka kulikonse kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP. Mtima ukapanikizika umauza impso kuti zitulutse madzi, ndiye mumangotuluka panja usiku. Zikapitirira zaka, mapeto ake amakhala matenda a mtima, shuga wovuta kutsitsa, kapena sitiroko."

A Phiri atamva za sitiroko anakumbukira bambo awo, n'kuwerama.

Anawagoneka usiku umodzi, atawapana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya wa m'magazi. Namwino anawauza kuti munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposa. Kwa a Phiri, mkonono ukaduka, nambala inkatsika kupyola 80, n'kukweranso akadzidzimuka.

M'mawa adokotala analemba m'kabuku kawo ka chipatala, n'kuwauza zochita. Lole asayendetse mpaka kusinza kutatha. Mowa ausiye, makamaka wa madzulo, chifukwa umafooketsa minofu ya kukhosi kuposa tulo. Mapiritsi ogonetsa asawayandikire, fodya asamuyambe. Mphuno zikatsekeka azibwera kudzalandira mankhwala. Mankhwala a BP azimwa tsiku lililonse. Azigona chammbali, kumutu kwa bedi kutakwezedwa. Ndipo koposa zonse, thupi litsike.

Nangozo atafika kunyumba anatenga malaya akale a mwamuna wake, n'kusokerera kathumba pakati pa msana, n'kuikamo chitsononkho. A Phiri akati atembenukire chagada, chitsononkho chinkawabaya, iwo n'kubwerera chammbali ali m'tulo. Kumiyendo ya kumutu kwa bedi anaikako njerwa. Lole itakonzedwa a Phiri anaipereka kwa mphwawo kuti aziyendetsa. Iwo anayamba kupita kumunda wa mpunga wapansi, m'mawa dzuwa lisanapse. Mitanda ya nsima inachepa, chisoso ndi nkhwani zinachuluka, ndipo usipa unalowa m'malo mwa kanyenya. Anzawo a pa Golomoti ankawaseka kuti adyetsedwa khuzumule. Iwo ankangodutsa.

Patatha miyezi ingapo Nangozo anakhalanso ndi lichero lake. Nyemba zinachepa, koma sizinathe. Adokotala a ku Mua anawatumiza kwa dokotala wa matenda a kupuma ku Lilongwe, amene anawayeza usiku wonse n'kunena kuti akufunika makina otchedwa CPAP. Anawaonetsa kabokosi kokwana m'manja awiri, kokhala ndi paipi yofewa ndi chovala pamphuno. "Kamatenga mpweya wa m'chipinda momwemo n'kumaukankha pang'onopang'ono kuti kukhosi kusatsekeke. Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa ku Sydney ku Australia, Colin Sullivan, ndipo anailengeza mu 1981. Kuno kwathu nzeru imeneyi si yachilendo. Makina a Pumani, amene madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre anapanga pamodzi ndi akatswiri a ku Rice University ya ku America, amathandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma ndi mpweya wokankhidwa chomwechi. A akuluakulu ndi ena, ndipo ndi okwera mtengo. Ena amene matenda awo ndi ochepa amathandizidwa ndi chovala m'kamwa chokokera chibwano kutsogolo, ena amafunika opaleshoni. Inu anu ndi makinawa, ndipo mphamvu ya mpweya wake tikuyezerani ife."

Mutu umodzi susenza denga. Mphatso, mwana wawo amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, anafunafuna makinawo kumeneko. Abale anasonkha, ng'ombe imodzi inagulitsidwa. Poti magetsi anali asanafike m'mudzimo, ngakhale kuti pa Golomoti pali munda wa masola wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, anagula sola yawo ndi batire lalikulu.

Masiku oyamba zinavuta. Chovala pamphuno chinkawasowetsa mtendere, ndipo pakati pa usiku ankachivula n'kuchiponya pansi. Nangozo ankachitola, n'kuwaveka, n'kukonza malamba kuti mpweya usathawire m'maso. M'mawa ankachitsuka ndi sopo n'kuchiyanika pamthunzi. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Tsiku lina a Phiri anadzuka dzuwa litatuluka, mutu uli mbee, n'kunena kuti, "Mayi a Mphatso, inu, ndalota. Zaka zonsezi ndinaiwala kuti munthu amalota." Usiku umenewo sanatuluke panja ngakhale kamodzi. Dokotala anali atawauziratu kuti makinawo sachotsa matenda, amangowaletsa pa usiku umene munthu wawavala, choncho ngakhale popita kumaliro ogona ankawanyamula m'chikwama.

Mphamvu zitabwerera, manyazi nawo anabwera. A Phiri anapita kwa nyakwawa n'kupempha kuti iwaperekeze ku Golomoti. Anatenga mbuzi, chitenje chatsopano ndi thumba la mpunga. Atafika anavula chipewa, n'kugwada pansi pafumbi, thupi lonse lija.

"Azakhali, ndinakulakwirani. Ndinakuchotsani ulemu pamaso pa anthu chifukwa cha matenda a m'khosi mwanga. Ndikhululukireni."

A Naphiri anati, "Dzuka, mwana wa mlongo wanga. Ine ndinalira, koma misozi yanga inauma. Gogo uja anamunamizira za bambo ako anafa anthu akumuthawa, ndipo palibe anakamupepesa. Mawu amene wanena panowa ukawanene pabwalo, pamene unandinyozera, kuti mudzi wonse umve. Ndipo mkazi wakoyu uzimumvera. Wakutsina khutu ndi mnansi."

A Phiri anachitadi zimenezo. Pabwalo, anthu atadzaza, anafotokoza za lichero, za lilime, za bambo awo, ndipo anawabweza azakhali awo pa lole, atakhala kutsogolo. Msonkhano usanabalalike, amayi atatu anamukokera Nangozo pambali kumufunsa mmene ankawerengera. Mmodzi mwa iwo sankafunsira mwamuna, koma mwana wake wa zaka 6, amene ankagona kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono, kukodza pogona ndi kusinza m'kalasi. Atapita naye kuchipatala anapeza kuti tinyama ta kukhosi kwake, timene achipatala amati ma tonsils, tatupa mpaka kutsala pang'ono kukumana. Atamuchita opaleshoni, mwanayo anayamba kugona bwino ndi kukula.

Nthano yathera pamenepa.

Phunziro lake ndi ili. Matenda ena mwini wake sawaona, amawaona ndi amene wagona naye pafupi, ndipo munthu wokana umboni wa mnzake wa m'nyumba amadzikumbira yekha dzenje. Chachiwiri, chinthu chikatiopsa usiku tisathamangire kuloza chala nkhalamba. Agogo ambiri m'midzi mwathu anyozedwa, athamangitsidwa, ena aphedwa kumene, chifukwa cha matenda amene achipatala amawadziwa dzina ndi mankhwala ake.

Kubanika m'tulo si matenda a Azungu kapena a anthu olemera okha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lapansi ali nawo. Amakonda abambo onenepa, koma amagwiranso anthu ochepa thupi amene chibwano chawo n'chaching'ono, amayi makamaka akasiya kusamba, ndi ana. Sikuti mkonono uliwonse ndi matenda. Woopsa ndi wodukiza, wotsatana ndi kubanika, mwini wake n'kumasinza masana. Amene amagwira chiwongolero, wa lole, wa minibasi kapena wa kabaza, akakhala ndi zizindikiro zimenezi wanyamula moyo wa anthu ena m'tulo take.

Choncho inu amene mumagona pafupi ndi munthu woliza mkonono, musangomugwedeza n'kutembenuka. Khalani maso ola limodzi, mumvetsere, muwerenge, ndipo ngati muli ndi foni mujambule. Mukapeza kuti kupuma kukuduka, musamutumize yekha kuchipatala. Pitani naye limodzi, chifukwa mboni ya zimene zimachitika usiku ndinu.